Mipata Iwiri mu Mganda Wathu

Pasukulu pathu amandinena kuti ndine wamakani, ndipo sindikana. Anayambitsa mbiri imeneyi ndi ahedi athu, a Godwin Kamphinda, chaka chimene ana analephera kupita ku Lilongwe chifukwa cha ine. Iwo nkhaniyi amaifotokoza mwakufuna kwawo akamamwa tiyi ndi mahedi anzawo ku Mponela. Koma wezulo tsiku limenelo inali pakamwa panga ine Lenia Nkhoma, ndiye mundilole nanenso ndinene mmene ndinazionera.

Sukulu yathu ili kumapiri, chakumalire a Ntchisi ndi Dowa, kumene minibasi imafika pokhapokha dalaivala akasochera. Ndimaphunzitsa Sitandade 6, ndiponso ndine woyang'anira gulu la mganda. Ndinabadwira m'mudzi womwewu, ndinaphunzira pasukulu yomweyi, choncho za mganda sindinachite kuwerenga m'buku. Gule ameneyu anabwera ndi makolo athu amene anapita kunkhondo za Azungu, aja ankatchedwa a Keyala. Atabwerako anapitiriza kuguba pabwalo monga ankachitira pa perete, koma poti malipenga achitsulo anatsala kwa eni ake, iwo anasema mabadza. Badza ndi chipanda chachitali chobooledwa, ndipo pakabowo kake amamatapo mvema, kansalu koyera kaja kamene kangaude amafunditsa mazira ake pakhoma. Ukaimbiramo, mawu amatuluka akunjenjemera ngati njuchi zili mumtsuko. Ana a masiku ano amafuna kumatapo pepala la jumbo, koma a Agustino akaliona amaling'amba pomwepo.

A Agustino ndi mkulu wa ng'oma yaikulu. Zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi atatu, mano anatsala owerengeka, koma dzanja lawo likagwa pachikopa ngakhale mbuzi za kuseri kwa phiri zimadzutsa mitu. Gulu la mganda la akuluakulu linatha kalekale. Amuna anabalalika, ena ku Joni, ena kumaesiteti a fodya ku Kasungu. Ndiye a Agustino anasamutsira gule yense kusukulu, ndipo amabwera Lolemba ndi Lachitatu masana, ng'oma atamangirira panjinga imene sakwera, amangoikankha.

Mganda wa kwathu uli ndi chinthu chimene simungachipeze ku Bowe kapena ku Mtengowanthenga. Timavina mizere itatu, koma mzere wachiwiri uli ndi mipata iwiri. Pamalo poyenera kuima munthu, sipaima munthu. Mzere ukapita kutsogolo mipatayo imapita nawo, ukatembenuka imatembenuka nawo, ndipo mwana amene wapondapo amadziwa tsiku lomwelo kuti a Agustino mawu akadali nawo. Komanso pakati pa nyimbo yathu yolowera, mabadza onse amakhala chete, ng'oma yaing'ono imaleka, yaikulu n'kugunda yokha kanayi, pang'onopang'ono. Imapuma, n'kugundanso kanayi. Zikatero mabadza amadzuka, gule n'kupitirira.

Mpata woyamba ndi wa Isake Mbewe, amene a Agustino amawatchula kuti atsibweni. Anapita kudziko la Bama pankhondo yachiwiri ya dziko lonse ija. Anzake anabwerako ndi mabulangete ndi nsapato zachikopa, iye ayi, ndipo palibe amene anaona mtembo wake. Anzakewo ndi amene anaika lamulo. Anati munthu amene tamuika m'manda ndi manja athu, malo ake pamzere timatseka, wina n'kulowapo. Koma amene sitinamuone, malo ake amamudikira.

Mpata wachiwiri ndi wa mlongo wanga Frank, wopondana nane. Anavina pamzere wachiwiriwo kuyambira ali Sitandade 4. Ngakhale atalowa usilikali, akabwera patchuthi ankavula jombo, kuvala kabudula woyera, n'kukaima pakati pa ana ngati mtengo wa bulugamu pakati pa chimanga. Kenako anapita ku Kongo ndi anzake kukasungitsa mtendere. Tsiku lina pakhomo panaima galimoto, munatsika asilikali awiri ndi wansembe wawo. Anakhala pamkeka mwaulemu n'kutiuza kuti kunali kumenyana m'nkhalango, ndipo anzake anamufunafuna masiku ambiri osamupeza. Patatha chaka, akuluakulu a banja anati maliro asangokhala m'malere. Anadula thunthu la nthochi, kulikulunga munsalu, kuliika m'bokosi, n'kukaika kumanda monga tichitira munthu akafera kosapezeka mtembo. Anthu analira kwambiri. Ine ndinatsala kuseri n'kumatsuka mbale, chifukwa ine sindilira nthochi. Malo amene ndimadziwa kuti ndi a Frank padziko pano ndi mpata uja basi.

Chaka chimenecho, mu Okutobala, kunabwera kalata. Masukulu a Dowa ndi Ntchisi apikisane pa nyimbo ndi magule okumbukira asilikali, ndipo gulu lopambana likavina ku Lilongwe Lamulungu lachiwiri la Novembala, tsiku lija akuluakulu amavala timaluwa tofiira pachifuwa n'kukhala chete mphindi ziwiri. Ndime yoyamba inachitikira paboma ku Ntchisi. Tinakhala achiwiri, kutanthauza kuti tinadutsa kupita kundime yomaliza ku Mponela. Ana anaimba njira yonse pobwerera mpaka mawu kusasa. Ine ndinagona ndili wokondwa, osadziwa kuti chakudza sichiimba ng'oma.

Lolemba m'mawa ahedi anandiitana ku ofesi. Anandikankhira pepala la majaji patebulo.

"Madamu, tawerengani apa."

Majaji analemba kuti ana amavina bwino kwambiri, koma mzere wachiwiri unali ndi mipata, zikuoneka kuti ana awiri anajomba. Analembanso kuti pakati pa nyimbo oimba mabadza anaiwala, n'kusiya wang'oma akuvutika yekha. Pa zolakwa ziwirizi anatichotsera malikisi khumi ndi awiri. Ndinaseka mpaka kukhala pampando osauzidwa.

"Chikukuseketsani n'chiyani?" anafunsa ahedi.

"Ndikuseka majajiwa, ahedi. Munthu amuitana kudzaweruza gule wokumbukira asilikali, waona malo a asilikali, n'kulemba kuti ana ajomba."

"Inu mukudziwa, ine ndikudziwa, koma pepala lawolo silikudziwa. Tikanakhala oyamba ife. Ku Mponela tikapita choncho, tikagwa." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Chimanga chikapanda kumera m'phando, mumatani? Si mumapakiza? Kapakizeni mizere ija, Madamu. Ndipo pamene amakhala chete paja mabadza azilira."

"Mlongo wanga si chimanga, ahedi."

Apa ndiyenera kunena zoona, chifukwa makani anga si abodza. A Kamphinda si munthu woipa. Anabwera kuchokera kutali, anapeza sukulu ili ndi makalasi awiri a pansi pa mtengo, ndipo anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha kuti ana alowe m'nyumba. Tsiku limenelo sanakalipe. Anandifunsa kuti mwa ana makumi awiri ndi anayi a m'gululo, ndi angati anaonapo Lilongwe. Ndinati atatu.

"Atatu. Thoko uja wotsogolera mzere woyamba amayesa Mponela ndiye tauni yaikulu m'Malawi muno. Mwayi wawapeza pakhomo. Ndiye akufa atsekere amoyo njira?"

"Wakuuzani ndani kuti anafa?"

Anavala magalasi aja n'kunena kuti, "Pepani. Koma mizere ija itsekedwe."

Ndinayesa njira ya ulemu kaye, anthu asamati Lenia amangolusa. Ndinalembera a komiti ya mpikisano kupempha mphindi imodzi yoti ndifotokoze za mipatayo ana asanalowe. Anayankha kuti gulu lililonse lili ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, belu likalira mwatha, ndipo zolankhula anaziletsa chifukwa chaka china aphunzitsi atapatsidwa chimkuzamawu anasanduka aphungu, mpikisano n'kutha dzuwa litalowa. Pamenepa sindinawatsutse, aphunzitsi anzanga ndimawadziwa.

Ndinapita kwa a Agustino ndili ndi chikhulupiriro kuti akamva adzatenga ng'oma yawo n'kunena kuti osatseka kapena ine sindiimba. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akuwamba chikopa padzuwa. Anamvetsera zonse osandidula.

"Mayi, ine ntchito yanga ndi ng'oma," anatero. "Mzere ngwanu, wezulo njanu. Pagule fumbi ndiwe mwini."

"Agogo, ndiye mungolola kuti atsibweni anu awafafanize?"

"Atsibweni angawo ine sindidawaone. Ndidabadwa atapita. Ndasunga malo a munthu amene nkhope yake sindiidziwa kuyambira ndili mnyamata, ndipo palibe adandipatsapo malikisi. Tsopano mukufuna ndikangane ndi ahedi anu? Mukatseka ndiimba, mukatsekula ndiimba."

Ndinachoka nditakwiya, mumtima ndikuti ukalamba ndi mantha n'pachibale. Ndinalunjika kwa amayi. Iwo anali pakhonde akusenda mtedza wa mbewu, poti mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Ntchisi ndipo aliyense ankakonzekera kudzala. Ndinakhuthula zonse, za majaji, za ahedi, za a Agustino. Ndinkadziwa kuti apa pokha ndipeza wonditsatira. Amayi anapitiriza kusenda mpaka ndinamaliza.

"Tseka, Lenia."

Ndinayesa sindinamve bwino.

"Ndati tseka. Ndatopa ine. Njinga yamoto ikalira kumsewu ndimadzuka kukasuzumira. Galu akauwa ndimadzuka. Zaka sikisi, mwanawe. Asiye ana a eni akaone Lilongwe."

Mawu amenewa anandipweteka kuposa pepala la majaji. Ahedi ndi mlendo, a Agustino ndi nkhalamba, koma awa ndi amene anamubereka Frank. Ngati mwini mwana wanena kuti tseka, ine ndine yani? Ndinalira panjira pobwerera kunyumba kwanga, ndipo Lachitatu ndinatseka.

Ndinatenga anyamata awiri amene ankangodikira pambali, Elisha ndi Limbani, n'kuwaimika pamipata ija. Elisha anayamba wayang'ana kwa a Agustino asanapondepo, koma iwo maso anali pang'oma. Paja timakhala chete paja ndinauza a mabadza kuti azingopitiriza. Tinayeserera choncho masabata awiri. Ahedi ankabwera kudzaonerera atapinda manja kumbuyo, akugwedeza mutu mokhutira, ndipo anatipezera masokosi oyera atsopano, aliyense peyala yakeyake. Tsiku lina anandiuza pagulu kuti, "Mwaona Madamu, mutu umodzi susenza denga." Ndinangoti zikomo, mano ndikukukuta.

Loweruka la mpikisano tinakwera lole imene imanyamula fodya, fungo la chikopa cha ng'oma ndi la fodya kusakanikirana, ana atakumbatira mabadza awo kuti angasweke m'mabampu. Tinafika ku Mponela dzuwa litakwera. Pabwalo panali tenti ya alendo, ndipo kutsogolo kwake kunakhala asilikali opuma asanu kapena asanu ndi mmodzi, okalamba, atavala majekete owakulira, mamendulo akulendewera pachifuwa. Pambali panali tebulo la majaji atatu, ndi bambo wina wa wotchi ndi belu la m'manja.

Anayamba a kwaya ya ku Mtengowanthenga, mawu osalala ngati a pa Misa ya Khirisimasi. Kenako atsikana a ku Dzaleka, kukampu ya othawa kwawo, anaimba m'Chiswahili nyimbo imene sindinamve mawu ake. Mphunzitsi wawo anali mayi wamtali, wowonda, wa duku lachikasu. A ku Bowe analowa ndi mganda wawo, mizere yowongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe. Anavina bwino, ndisaname. Ife anatiitana komalizira.

Ndinaimba wezulo. A Agustino anagwetsa dzanja, mabadza anadzuka, ana analowa pabwalo. Thoko patsogolo, mutu uli m'mwamba, kansalu koyera m'manja. Malaya oyera, makabudula oyera, masokosi a ahedi akuwala. Anthu anayamba kukuwa tisanafike n'pakati pomwe. Ine ndinkayenda chafutambuyo kutsogolo kwawo monga ndichitira, ndipo nditafika pafupi ndi tebulo la majaji ndinakweza maso kuona gulu lonse.

Kusukulu ndinkaima pambali, maso ali pamapazi a ana, kufuna wolakwitsa. Apa ndinauona mzere wachiwiri kuchokera kutsogolo, monga auonera mlendo. Unali wokongola. Unali wodzaza kuchokera uku mpaka uko, phewa kukhudza phewa, ngati m'mudzi mwathu simunachokepo munthu. Aliyense woonerera akanapita kwawo akudziwa kuti kumapiri kuja onse alipo, onse ali bwino. Ndinaona jaji wina akumwetulira n'kulemba. Mumtima mwanga munabwera ukali umene sindinaumvepo chibadwire. Frank anamutaya kunkhalango kamodzi, tinamusinthanitsa ndi nthochi kachiwiri, ndiye kachitatu ndimufafanize ndine, ndi wezulo yanga, pa tsiku lomwe akuti tikukumbukira asilikali?

Ndinaimba wezulo yaitali, ija yoimitsa gule.

Mabadza anazima limodzilimodzi. Ana anaima, mwendo wina uli m'mwamba, akuyang'anana. Ndinalowa pakati pa mizere, fumbi likundilowa m'maso.

"Elisha, Limbani, pitani kumapeto kwa mzere wachitatu. Muvina komweko. Enanu musasunthe."

"Madamu!" Amenewo anali ahedi, ataimirira mutenti. "Madamu Nkhoma!"

Sindinacheuke. Ndinayang'ana kwa a Agustino. Nkhalamba ija inali ikuseka, nkhama zonse pamtunda, ndipo inalavulira m'manja n'kugwira bwino kamtengo ka ng'oma. Pamenepo ndinazindikira kuti masabata awiri onse aja ankangondidikira.

"Tiyambirenso," ndinauza ana. "Mwakale."

Tinayambiranso. Mipata iwiri ija inalowa pabwalo pamodzi ndi ana, inapita kutsogolo, inatembenuka. Bambo wa belu anayang'ana wotchi yake n'kupukusa mutu. Titafika pakati pa nyimbo, mabadza anakhala chete okha, osachita kuuzidwa. Mwambo wake sitinena kanthu pamenepo, ng'oma imalankhula yokha. Koma ndinali nditaona kale kuti anthu a mapepala samva chete. Zolankhula analetsa, inde, koma kuitana maina sanaletse, ndipo ine ndi mphunzitsi, ndimaitana maina m'mawa uliwonse. Ndinatembenukira kutebulo la majaji, ndinaloza mpata woyamba, n'kukuwa ndi mawu anga onse a m'kalasi.

"Isake Mbewe! Anapita ku Bama!"

Palibe anayankha. Ng'oma inagunda kanayi.

Ndinaloza mpata wachiwiri. Dzina limeneli ndinali ndisanalitchule mokweza kuyambira tsiku la nthochi lija, ndipo linatuluka mokhadzuka.

"Frank Nkhoma! Anapita ku Kongo!"

Palibe anayankha. Ng'oma inagunda kanayi, ndipo kugunda kwachinayi kusanathe, belu linalira. Nthawi yathu inali itatha.

Ndinakweza wezulo kuti mabadza adzuke, timalize basi, tizikapita. Ndisanaimbe, kumbali kuja kunakhala ana a ku Dzaleka kunamveka mawu a munthu wamkazi. Anali mphunzitsi wa duku lachikasu uja, ataimirira, manja ali m'mbali ngati msilikali.

"Byamungu Mugisho!" anakuwa. Kenako m'Chichewa chake chopotoka anawonjezera, "Mwamuna wanga. Ku Kongo konko."

A Agustino sanafunse munthu. Anamupatsa zinayi zake.

Belu linaliranso. Mmodzi mwa asilikali opuma aja anadzuka movutikira, atatsamira ndodo, mnzake akumugwira chigongono. Anatchula maina awiri, aliyense ndi nambala yake ya usilikali, osakayika ngakhale pang'ono, ngati anawaona dzulo. Ng'oma inagunda kanayi, n'kugundanso kanayi. Mayi wina wogulitsa mango kuseri kwa chingwe anatula beseni n'kutchula dzina la mwana wake. Mtsikana wina wa ku Dzaleka anatchula la bambo ake akulira. Sindinawerenge kuti anali angati. Chimene ndikukumbuka n'choti bambo wa belu analiza, naliza, kenako anaika belu lake patebulo n'kuvula chipewa. Ana anga nthawi yonseyo anaima padzuwa osagwedezeka, thukuta likuyenderera, mipata ili pomwepo.

Patapita kanthawi osamvekanso dzina, ndinaimba wezulo. Mabadza anadzuka ndi mphamvu moti mvema wa badza la Limbani unaphulika. Ana anavina ngati pansi pakutentha. Fumbi linakwera mpaka kulowa mutenti, alendo n'kumatsokomola, ndipo ine sindinapepese.

Zotsatira zake simufunikira kulosera. Anati gulu lathu lachotsedwa mumpikisano chifukwa linaimitsa gule pakati n'kupitiriranso nthawi ndi mphindi zisanu ndi zinayi. Anapambana a ku Bowe, ndipo ndinawaombera m'manja ndi mtima umodzi. Tikukweza ng'oma mulole, jaji amene ankamwetulira uja anabwera, bambo wa imvi, cholembera chili kukhutu.

"Mayi, ndine ndinalemba za kujomba zija ku Ntchisi," anatero motsitsa mawu. "Bwanji simunatiuze?"

"Ndakuuzanitu lero, bambo."

Anagwira dzanja la a Agustino ndi manja awiri n'kubwerera kutebulo lake. Malikisi sanasinthe.

Pobwerera mulole munalibe nyimbo. Ahedi anakhala kutsogolo ndi dalaivala, osatembenuka. Ana anakhala chogwetsa nkhope, masokosi atsopano aja atafiira ndi dothi. Titadutsa mlatho wachiwiri, Thoko anadzutsa mutu, maso ali ofiira.

"Madamu, mukanatifunsa."

Ulendo unali wawo, ine ndinauphwanya osawafunsa. Zimenezi zimandiwawa, ndipo ndikazikumbuka tulo timavuta. Koma mukandifunsa ngati ndikanachita mwina, ndikuuzani kuti ayi. Zonse ziwirizi ndimayenda nazo.

Lolemba ahedi anandipatsa kalata ya chenjezo, yotayipa bwino, ya mawu akuti kusamvera ndi kuchititsa manyazi sukulu. Ndinasaina osawerenga kawiri. Anandilandanso wezulo n'kuipereka kwa a Stefano, mphunzitsi wa Sitandade 5, munthu wofatsa amene mganda amaudziwa ngati mmene ine ndimadziwira kuyendetsa ndege. Lachitatu masana ndinakhala m'kalasi ndikuchonga makope, zenera lili lotsekula. Ndinamva a Stefano akuti, "Tiyeni pamizere, ndipo ahedi akuti pasakhale mipata."

Ndinasuzumira. Ana anafola. Elisha ndi Limbani anapita okha kumapeto kwa mzere wachitatu. A Stefano anawaitana kawiri, iwo anangoyang'ana kumwamba ngati akuwerenga akhwangwala. Kenako Thoko, yemwe kuyambira Loweruka anali asanandipatse moni, anachoka pamalo ake, anapita pamzere wachiwiri, anatambasula manja kuyeza mpata wa Isake, n'kukankha mnzake wina kuti asunthe pang'ono. Anayezanso wa Frank. Atakhutira anabwerera kutsogolo, osayang'ana n'komwe kuzenera kwanga. A Stefano anatembenukira kwa a Agustino kufuna thandizo.

"Ine ntchito yanga ndi ng'oma, aphunzitsi," inatero nkhalamba ija.

Kwa amayi ndinakhala sabata yonse osapondako. Nkhani inali itafika kale, poti kwathu mbiri imayenda kuposa njinga yamoto, ndipo ndinkaopa kuti akandifunsa chifukwa chimene ndinaphwanyira mawu awo. Lamulungu, tsiku lokumbukira asilikali lija, ndinalimba mtima titabwerako kutchalitchi. Ndinawapeza pakhonde pomwe paja, wailesi ili pambali. Anandiyankha moni. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza kusankha mtedza.

Pawailesi ankaulutsa mwambo wa ku Lilongwe. Nthawi itakwana leveni, lipenga linalira, kenako kunati zii. Amayi anasiya mtedza, manja ali pamiyendo. Tinakhala choncho mphindi ziwiri zonse, kukumveka nkhuku zokha ndi mabingu akutali cha kumapiri. Wolengeza atayambanso kulankhula, ananena kuti posachedwa ana a sukulu ya ku Bowe avina mganda. Amayi anatseka wailesi.

Analowa m'nyumba. Ndinamva akukoka mpando, ndipo ndinathamangira kuti angagwe. Ndinawapeza atakwera, akupapasa kudenga, pamwamba pa khoma. Anatsitsa kanthu kokulungidwa m'chitenje chakale, kodzaza mwaye ndi fumbi. Atamasula, linali badza la Frank, lija analemba dzina lake ndi msomali wamoto ali Sitandade 7. Ine ndinkayesa analiika m'bokosi limodzi ndi nthochi ija.

Analipukuta ndi m'mphepete mwa chitenje chawo, analitembenuza, n'kuloza pakabowo.

"Taona, mvema udauma, wang'ambika. Upite nalo kwa Agustino akamatepo wina. Umuuze kuti wa kangaude, osati za jumbozi."

"Amayi, si inu munati nditseke?"

"Kudali kutopa kuja," anatero, akundiika badza m'manja. "Pita lero lomwe. Angabwere mawa n'kupeza badza lake silikulira."